Bedi Limene Damiano Sanagonepo

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lakumanzere limene limayamba kudandaula chisanu chisanafike n'komwe. Ndakhalitsa osakulemberani. Lero ndili ndi nkhani yaikulu, koma ndiyamba ndi zing'onozing'ono, pakuti inu nomwe munkati munthu samufunsa chimene wadzera asanamwe madzi.

Chimanga chacha bwino kumunda wakumtunda. Nyemba zambiri zinaola ndi mvula yakumapeto, koma zotsalazo zitifikitsa. Kachewere ndakumba wochuluka, moti matumba ena ndaunjika m'khitchini. Mapichesi amene munabzala kuseri kwa nyumba abereka, ndipo ana a sukulu andithandiza kudya osapemphedwa. Mdzukulu wanu Agnesi wakhala ndi mwana wamkazi. Anakamubatiza ku Kabwazi, ndipo dzina lake ndi lanu, Marita. Chipumi n'chanunso. Mdzukulu wanu wina, Paulo, akuphunzitsabe pa pulaimale ya boma kufupi ndi Lobi. Dzina la Paulo mulisunge, libweranso m'kalata muno.

Pamene munkatisiya ndinali ndisanapume pa ntchito ya unamwino. Nditapuma ndinawonjezera chipinda chimodzi kunyumba kuno, cha njerwa zowotcha, pansi pa simenti, zenera loyang'ana kum'mawa. Anthu ankanong'onezana kuti ndikufuna kuika munthu wa lendi. Ndinawasiya anene. Chifukwa chenicheni mukanachidziwa ndinu nokha, popeza ku Zomba kuja tinali awiri.

Sindikukayika kuti mwaiwala dala, choncho ndikukumbutsani. Ndinakuperekezani kukaonetsa maso anu kuchipatala, ndipo tinafikira kwa mwana wanu wotsiriza, mlongo wanga Damiano, amene panthawiyo anali kalaliki wamkulu m'boma. Nyumba yake inali ndi chipinda cha alendo. Tinachiona ndi maso athu: chitseko chopaka utoto wobiriwira, chokhoma. Alamu anga, akazi ake, anati chimenecho amasungira alendo a kuntchito, ndipo anatiyalira mkeka m'khitchini, pakati pa thumba la makala ndi ndowa ya madzi otsukira mbale. Munafunda chitenje chanu chomwe munabwera nacho. M'mawa munapempha sopo wosambira m'maso, anakupatsani kachidutswa kotsukira mapoto. Damiano anali pakhonde, akuwerenga nyuzipepala. Anatukula mutu, naona, nabwezanso mutu wake.

Ine ndinafuna kulankhula, inu munandigwira dzanja. Munati, “Felista, tonthola. Woyaliridwa bedi ndi mlendo. Mwini khomo amagona kukhitchini, pafupi ndi moto wake.” Amayi, mawu amenewo ndakhala ndikudana nawo zaka zonsezi. Moto wake unali uti, pamene mbaula anali ataizimitsa ife tisanalowe? Munawanena pofuna kuphimba manyazi a mwana wanu, ndipo manyaziwo anaphimbikadi, chifukwa mpaka lero sanawaonepo.

Choncho ndinalumbira mumtima kuti ndikadzakhala ndi chipinda cha alendo, simudzasowa kanthu m'menemo. Ndinachikonza monga tinkakonzera bedi la wodwala amene adokotala akubwera kudzamuona. Bedi ndi lachitsulo, pakuti lamatabwa limasunga nsikidzi. Matilesi ndimawaanika padzuwa sabata iliyonse, kaya mwagona munthu kaya ayi. Nsalu zoyala ndimazipinda m'ngodya mothina, kuti ngakhale munthu wogona mogubuduka asadzuke ali pamatilesi penipeni. Mabulangete ndimayala awiri, lachitatu ndimalipinda kumiyendo. Mlendo wochokera kotentha sachidziwa chisanu cha kuno, ndipo sangadzutse eni nyumba kuti apemphe chofunda china. Adzangodzipinda ngati mwana mpaka kucha, m'mawa n'kukuuzani kuti wagona bwino.

Ndicho chimene anthu ambiri sachimvetsa: mlendo sapempha. Chimene angachite nacho manyazi kupempha, chiyenera kumudikira pamalo poonekera. N'chifukwa chake pansi pa bedi pali ndowa yaing'ono yovundikira, kuti nkhalamba isapite kuchimbudzi mumdima ndi mphepo ya kuphiri. Pakatebulo pali nyali yagalasi yothira kale palafini, ndi machesi m'kabotolo kotseka kuti asachite chinyezi. Madzi akumwa ali m'kamtsuko, kapu yake yovundikira pamwamba. Sopo ndi watsopano, ali m'pepala lake; munthu asapatsidwe sopo amene wasungunuka pathupi la wina. Pambali pake pali thaulo, chipeso, ndi mafuta odzola, chifukwa mphepo ya kuno imang'amba milomo ndi zidendene. Ndinaikanso singano yolowetsa kale ulusi, pokumbukira mmene maso anu ankavutikira ndi kabowo. Kuseri kwa chitseko ndinakhoma msomali wopachikapo jekete, pakhoma galasi lodziyang'anira. Kunja kwa chitseko ndinaikako loko, kuti mukakhala mulibe munthu, nkhuku ndi adzukulu asalowemo.

Agonamo anthu angapo: akatekisiti atagwidwa ndi mvula, apongozi a Agnesi, namwino mnzanga wakale. Onse anayamikira. Koma sindikubisirani, Amayi, kuti mlendo amene ndinkamudikira anali mmodzi. Ndinkafuna kuti Damiano adzalowemo tsiku lina, aone chilichonse pamalo pake, agone mofunda, ndipo tulo timuthawe.

Zimene zinamugwera inu simunazione. Pasanapite nthawi yaitali mutatisiya, kuntchito kwake kunabwera anthu namutenga. Mlandu wake sitinaumve, ndipo masiku ano munthu wanzeru safunsa. Alamu anga anabwerera kwawo ndi katundu yense. Iye wakhala m'ndende zaka, mpaka mwezi wathawu pamene anamutulutsa. Ndamva kuti anayamba wapita kwa asuweni athu a pa boma, amene anamupatsa tiyi pakhonde namuonetsa pokwerera basi. Amene anamufikitsa kuno ndi a Saidi a golosale ya kumsewu waukulu, pa lole yawo yodzatenga kachewere.

Anafika Loweruka masana. Ndinamuzindikira ndi mayendedwe okha. Tsitsi lonse layera, mano akutsogolo kulibe, ndipo katundu wake yense anali m'kathumba kapepala. Monga namwino ndinaona kuti miyendo ndi yotupa ndipo akutsokomola chifuwa chakale. Monga mwana wanu ndinaona munthu wa nyuzipepala uja.

Ndinamulandira ndi ulemu wonse woyenera mlendo. Ndinati, “Takulandirani, a Damiano. Bwerani ndikuonetseni pogona panu.” Ndinatsekula loko, ndinamusonyeza chinthu chilichonse ndi dzina lake, mpaka singano. Iye anaima pakhomo, kathumba kali pachifuwa. Anati, “Achemwali, mwayamba liti kunditchula kuti inu? Si ine yemwe munkandibereka kumsana?” Ndinayankha kuti madzi awo osamba ali pamoto.

M'mawa mwake ndinapita ndi beseni la madzi ofunda. Ndinagogoda, osayankha. Nditakankha chitseko ndinapeza bedi lili monga ndinaliyalira, ngodya zake zothina, bulangete lachitatu lili kumiyendo. Sopo anali m'pepala lake. Chinthu chimodzi chokha chinali chitasuntha: galasi analitembenuzira kukhoma. Munthuyo ndinakamupeza m'khitchini, atagona pamkeka wakale pakati pa matumba a kachewere, atafunda jekete lake.

Ndinakwiya, Amayi. Ndinaganiza kuti akufuna kufafaniza za ku Zomba ndi usiku umodzi wa pamkeka, zimene n'zosatheka. Ndinamufunsa ngati bedi langa lili ndi minga. Anadzuka msangamsanga, naimirira chilili, manja m'mbali, ngati ndine woyang'anira akaidi. Kenaka anakumbukira kumene ali. Anati, “Pepani, achemwali. Ndinayesa. Koma chitseko chija loko wake ali kunja. Ndimati ndikatseka maso, ndimve wina akukhoma.” Anawonjeza kuti bedi analiiwala, akagona pamwamba amaona ngati akugwa. Za ku Zomba sanatchule. Sindikudziwa ngati zinali m'mutu mwake n'komwe.

Tsiku lomwelo, titabwera ku Misa, ndinatenga mpeni ndi kuzula zitsulo zokolowekapo loko. Musaziyese chisoni zimenezo. Chipinda chimene mlendo sangagonemo n'cholakwika, ndipo cholakwika chimakonzedwa. Komabe usiku wotsatira anagonanso m'khitchini.

Lachiwiri kunabwera a Zuze, atcheyamani a nthambi ya chipani kuno. Mukuwadziwa, ndi aja ndinawatumbula chithupsa pamalo osatchulika, akulira ngati mbuzi. Masiku ano amayenda ndi chikwama. Ndinawapatsa mpando pabwalo. Damiano anali chapafupi, akusankha nyemba m'lichero.

Anayamba ndi za mvula, kenaka, ponditchula ndi dzina la ntchito yanga yakale, anati, “Anesi, tamva kuti kwabwera mlendo. Ndi zabwino. Koma paja akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.” Ndinati mwambiwo ndimaudziwa. Anatsitsa mawu nandiuza mosazungulira. Ngati munthuyu ndi mlendo, iwo akanena kumtunda kuti anadutsa ndipo wapita, bola pofika Lachisanu akhale atapitadi. Palibe adzandifunse kanthu. Ngati ndi wa pakhomo pano, ndiye kuti ine ndidzamuyankhira pa chilichonse, ndimugulire khadi la chipani, ndipo dzina lake lidzayenda pamodzi ndi la banja lino. “Musaiwale kuti mwana wanu Paulo amadya za boma,” anatero. “Ndiye tinene kuti chiyani, anesi? Ndi mlendo, kapena ndi wa pano?”

Ndinaganiza za Paulo ndi ana ake. Ndinaganizanso za chitseko chobiriwira chija, ndipo ndinaona kuti mawu amodzi okha, oti ndi mlendo, akanandikwanira, mawu oona ndithu, popeza ndinali nditamulandira monga mlendo pamaso pa aliyense. Damiano anali atamva zonse. Anaika lichero pansi bwinobwino, nalowa m'khitchini, natuluka ndi kathumba kake kapepala. Anati, “Musavutike, achemwali. A Saidi abweranso mawa ndi lole.” Kumene akanapita ndi loleyo, iye sanadziwe, inenso sindinadziwe.

Ndinauza a Zuze kuti anditsate. Ndinawatsekulira chipinda cha alendo. Ndinati, “Atcheyamani, alendo anga amagona muno. Taonani bedi, taonani sopo. Mwagona munthu muno?” Anasuzumira, nati zikuoneka kuti ayi. Ndinawatengera kukhitchini ndi kuwasonyeza mkeka pakati pa matumba. Ndinati, “Kwathu kuno woyaliridwa bedi ndi mlendo. Wogona kukhitchini ndi mwini khomo. Mukanene zimenezo.” Ndipo ndinatembenukira kwa mwana wanu. Ndinati, “Iwe Damiano, ika pansi kathumbako, umalize nyembazo. Ukufuna tidye miyala?”

A Zuze anakanda kumutu, nati iwo anangofunsa. Popita ndinawapatsa mapichesi, ndipo ndinawafunsa ngati chithupsa chija sichinabwererenso.

Paulo ndinamuuza ndekha atabwera Lamulungu. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati malume ndi malume. Mkazi wake sanandilankhule tsiku lonse, ndipo sindikumuimba mlandu. Mwina Paulo amusamutsira kusukulu yakutali, mwina achita choposa pamenepo, mwina sachita kanthu. Tikudikira. Nthawi zino zinthu sizibwera ndi kalata yochenjeza.

Musafulumire kusangalala, Amayi. Mawu anu aja sindinagwirizane nawo. Ndikunenabe kuti ku Zomba anakulakwirani, ndipo inu munalakwa kuwaphimbira. Mawuwo ndinangowabwereka monga munthu abwerekera khasu la mnansi amene sagwirizana naye, chifukwa mvula yagwa ndipo lake lathyoka. Damiano sindinamukhululukire. Sanapemphe. Ndimamuphikira, ndimamuthira mankhwala m'miyendo, ndamupatsa bulangete lachitatu lija kuti azifunda pamkeka pakepo. Sopo akusambira wathu wa pakhomo, wosungunuka kale. Akalimba ndidzamukhazika pansi ndi kumufunsa chimene chinali m'nyuzipepala ija, chimene chinaposa amayi ake.

Chipinda chili chiyalire. Matilesi ndawaanika dzulo, galasi ndalibweza kuti liyang'ane m'chipinda, ndipo chitseko chimangotsekedwa ndi mwala. Pali chinthu chimodzi chimene ndakhala ndikufuna kukudandaulirani. Nthawi zonse mukandibwerera kutulo, ndimakupezani mutakhala m'khitchini, mutafunda chitenje chomwe chija. Ndinamanga chipinda chonse, inu osalowamo ngakhale kamodzi. Tsopano kukhitchini malo atha, kuli mwana wanu ndi kachewere. Mukabweranso mupitirire, mukankhe chitseko cha kum'mawa. Singano ili ndi ulusi kale.

Ndikulonjeza kuti chisanu cha Juni chisanafike ndibwera naye kumanda, adzalambule yekha ndi manja ake pamene mwagonapo, ndipo pakhomo pano sachoka ine ndili moyo.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale sitinamvane pa nkhani imodziyo,

Felista