Phulusa la Makoko a Nshawa ndi Mphekesela ya Kusamutsidwa

KOPALETIVU YA ALIMI A NSHAWA YA TIYESEKO, MWAPE, NYIMBA
Zolembedwa za msonkhano wapadela wa komiti

Tsiku: Loweluka, 12 Okutobala 2024
Malo: Shedi yosungilamo nshawa

Opezekapo: Amai Elizabeth Njobvu (Wapampando), Bambo Febian Daka (Mlembi), Bambo Titus Mumba (woyang'anila ng'anjo), Bambo Conrad Miti (woimila mabanja ochokela ku Katete ndi ku Chadiza), Amai Jessy Ngoma (membala).
Mlendo: Amai Cynthia Sakala, injiniya, wobadwila ku Sasare, amene akugwila ntchito ku bungwe lofufuza za simenti.
Osapezeka: Amai Tasila Mwale, ali ndi mwana kuchipatala ku Nyimba. Anatumiza mau.

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano 14 koloko. Amai Ngoma anapemphela. Anthu ambili omwe si a komiti anadzaza pakhomo ndi m'mawindo. Wapampando anawalola kumvetsela, koma osalankhula.

2. Zolembedwa za msonkhano wathawu
Mlembi anawelenga. Bambo Miti anakana mzele wonena kuti iwo anati adzagwetsa ng'anjo. Anati mau awo anali akuti ng'anjoyo ikhoza kugwa. Amai Ngoma anati ananena zimenezo nkhwangwa ili paphewa. Bambo Miti anati ankachokela kumunda. Komiti inagwilizana zokonza mzelewo ndi kuti nkhwangwa isalembedwe.

3. Chimene msonkhano waitanitsidwila
Wapampando anakumbutsa komiti kuti kuyambila chaka chatha kopaletivu imawotcha makoko a nshawa mu ng'anjo n'kutumiza phulusa ku bungwe la Amai Sakala. Anati mu Ogasiti kunabwela amuna awili ndi chitsulo chobowolela pansi, nakumba m'minda ya Bambo Miti ndi ya ena, nasiyamo zikhomo zomangidwa nsalu yofiila. Kuyambila pamenepo kwamveka kuti pansi pa Mwape pali mafuta, ndipo oyamba kusamutsidwa adzakhala obwela, popeza alibe manda a makolo kuno.

Anati mabanja ena sanasose minda mpaka lelo, mvula ili pafupi. Anati Bambo Mumba, popeza ndiwo amawotchela bungwelo phulusa, akutchedwa wogulitsa nthaka, nyumba yawo yagendedwa, ndipo ana awo anabwezedwa pachitsime ndi ndowa zopanda madzi. Bambo Mumba atafunsidwa ngati ali ndi choonjezela, anati alibe.

4. Kufotokoza kwa Amai Sakala
Amai Sakala anati chitsime cha mafuta chimapita pansi patali kwambili. Amalowetsamo paipi yachitsulo, n'kuthila simenti pakati pa paipi ndi thanthwe kuti mafuta ndi mpweya zisathawile m'madzi akumwa. Kunsi kumeneko kumatentha kuposa madzi owila, ndipo nthaka imafinya mbali zonse. Simenti yomangila nyumba imafooka n'kung'aluka. Kuti ilimbe, amasakanizamo ufa wa mwala wina wodula. Bungwe lawo likufuna kudziwa ngati phulusa la zotsala za m'munda lingatenge malo a gawo la ufawo.

Anatulutsa m'chikwama timibulu tiwili ta simenti, tonse totuluka m'makina otenthetsa ndi kufinya ngati pansi pa chitsime. Koyamba, kopanda phulusa, kanali ndi ming'alu. Kachiwili, ka phulusa la Tiyeseko, kanali kamphumphu. Anati phulusa lomwe Bambo Mumba anawotcha mu Julayi lapambana mayeso, ndipo bungwe likufuna kupitiliza nafe.

Kunja anthu ena anaomba m'manja. Ena sanaombe.

Bambo Miti anapempha kuyesa okha. Ataloledwa, anaika kambulu kachiwili pa benchi n'kukamenya ndi hamala yokhomela sikelo. Kambulu sikanasweke. Thabwa la benchi linang'aluka.

5. Mafunso
Bambo Miti anati chimene aona chawaonjezela mantha. Anapempha kuti mau awo alembedwe mmene awanenela, ndipo ndi awa: "Amai Sakala, ngati simenti yanu yalimba, ndiye kuti mwatsala n'kukumba. Ine ndinachoka ku Katete ndi khasu ndi ana anayi, minda itatha kwathu. Kuno ndinadula mitengo ndekha. Mundiuze lelo, pamaso pa anthu awa, kuti ndipita kuti."

Amai Sakala anayankha kuti: "Atate, simupita kulikonse. Sitikumba mafuta ife, ndipo sindinamvepo kuti pa Mwape pali mafuta. Ku Mwape tikufuna makoko basi. Mukachoka inu, nshawa adzalima ndani?"

Bambo Miti anafunsa za zikhomo zofiila. Amai Sakala anati phulusa la minda ina linkatuluka labwino kuposa la minda ina, choncho anatuma anyamata aja kukatenga dothi pang'ono kuti aone ngati nthaka ndiyo ikusiyanitsa. Chitsulo chija chimangofika mulingo wa bondo. Zikhomo zinali zoti asasokoneze minda. Anati anyamatawo anayenela kuyamba aonekela kwa komiti, ndipo sanatelo. Anapepesa m'malo mwa bungwe.

Amai Ngoma anati nawonso anakhulupilila mphekeselayo, mpaka analetsa mwana wawo wamkazi kuumba njelwa za nyumba yatsopano. Anafunsa ngati mlendo angalumbile. Amai Sakala anati amai awo owabeleka amalima ku Sasare, ndipo aliyense akhoza kupita kukawadandaulila ngati mwana wawo wanama. Amai Ngoma anati amaiwo amawadziwa, ankaimba nawo kwaya, ndipo zimenezo zakwanila.

Apa wina pawindo anayambitsa nyimbo yothokoza. Wapampando anakumbutsa za lamulo losalankhula, koma anadikila kuti vesi lithe.

Amai Ngoma anafunsanso ngati makoko onse azipita ku ng'anjo, popeza azimai amawagwilitsa ntchito kuphimbila mbeu m'dimba. Bambo Mumba anati ng'anjo siingathe ngakhale theka la makoko a chaka chimodzi. Aka kanali koyamba kuti Bambo Mumba alankhule mau opitilila amodzi.

6. Zogwilizana
(a) Ntchito yowotcha makoko ipitilile, Bambo Mumba akhalebe woyang'anila.
(b) Mlendo aliyense wa bungwe ayambe wafika kwa Wapampando asanaponde m'munda wa munthu.
(c) Zikhomo zofiila zizulidwe ndi eni minda.
(d) Mailo, Sondo, Wapampando ndi Bambo Miti alengeze m'matchalitchi onse kuti palibe akusamutsidwa, ndi kuti ana a Bambo Mumba atunge madzi ngati ana ena onse.
(e) Bambo Miti akonze benchi.

7. Zina ndi zina
Bambo Miti anaimilila. Anauza komiti kuti sabata yatha anatumiza akazi awo ndi ana ang'ono ku Katete, ndipo anasasula malata onse panyumba pawo kuti odzawasamutsa asawapeze osakonzeka. Malatawo ali pansi pa mtengo wa mango, iwo akugona m'nkhokwe. Anati okha sangathe kufolela mvula isanagwe.

Wapampando anafunsa amene angathandize. Bambo Mumba anati ali ndi makwelelo ndi misomali yotsala pomanga denga la ng'anjo, ndipo adzafika Lolemba m'mamawa. Bambo Miti anati, "AMumba, ine ndinakunenani zoipa zambili." Bambo Mumba anati anazimva zonse, koma mvula siidziwa zimenezo, ndipo anafunsa kuti malatawo ndi aatali bwanji.

Amai Sakala anati galimoto yawo ikupita ku Chipata mailo ndipo idzabwelela Lachiwili kudzela ku Katete. Anati muli malo a Amai Miti, ana, ndi katundu. Bambo Miti anati pali ndi mbuzi. Amai Sakala anati adzafunsa dalaivala.

8. Msonkhano wotsatila
Loweluka, 9 Novembala 2024, pamalo omwewa.

9. Kutseka
Wapampando anatseka msonkhano 16:40. Anapempha Bambo Miti kuti apemphele. Iwo anayamba koma analekela pakati, ndipo Amai Ngoma anamalizitsa.

Wapampando: Elizabeth Njobvu ______________

Mlembi: Febian Daka ______________