Madontho a Apongozi

Lolemba, 11 Novembala 1957

Apongozi afika pa machila kuchokera ku Likhubula. Mimba yotupa, yolimba gwa. Masiku atatu kusanza kokhakokha. Dokotala akuti matumbo apotana. Opaleshoni masana omwewo, wadula chidutswa chowola chotalika ngati mkono wanga. Ine wopatsira zitsulo. Zaka zisanu ndi ziwiri chikwatirire Rosie, nkhope ya mayi ake sindinaiyang'anepo. Tikakumana panjira amapatukira m'munda wa tiyi. Lero ndaona mpaka matumbo awo. Ambuye andikhululukire.

Lachiwiri, 12

Dokotala wakana kuwabaya mofini wambiri, akuti amagoneka matumbo. M'malo mwake wathira purokeni m'botolo la diripi, mankhwala omwe aja timachititsira dzanzi posoka bala. Anawerenga m'buku lochokera kwawo kuti amachepetsa ululu, matumbo n'kudzuka msanga. Kuno sanayesepo. Akathamanga m'mitsempha munthu amagwa ngati wakhunyu. Madontho makumi awiri pa mphindi, osapitirira. Wowerenga ndine. Sisitala Stella ali kwa amayi oyembekezera. Ndinapempha kuti asankhe wina. "Wina ndani, Winston?" Palibedi.

Rosie wamanga nsalu pakati pa bedi ndi mpando wanga. Ndikungoona dzanja lawo, botolo ndi wotchi.

Lachitatu, 13

Funso lililonse likudzera mwa Rosie. Ine Chinyanja, iye Chilomwe, yankho n'kubwerera njira yomweyo. Ululu wachepa. Akutembenuka okha.

Masana Rosie anapita kukachapa. Dzanja lija linayamba kunjenjemera. Wondimasulira palibe. Ndinakoka nsalu. Chotsekera cha diripi chinali chitasuntha pamene ankatembenuka, madontho akungothamanga, milomo yawo ikutukula. Ndinatseka. Ndinawagwira pamkono kuwerenga kugunda kwa mtima, maso ndi maso. Nkhope yaing'ono, mphini ziwiri patsaya, mphuno ya Joice mwana wathu ndendende. Anatsinzina, misozi ikutsikira m'khutu. Manyazi kapena mantha, sindikudziwa.

Dokotala pofika zinali zitadutsa. Watsitsa madontho kufika khumi ndi asanu. Sanandikalipire. Bola akanatero. Ine chakudya sichinalowe.

Lachisanu, 15

Diripi anachotsa dzulo. Tsopano tikudikira chinthu chimodzi, mpweya. Usanatuluke, phala ayi. Dokotala akuti ndiziwafunsa m'mawa ndi masana. Mkamwini kufunsa apongozi ngati aphwisa! Rosie wakana kumasulira, kuseka mpaka kukhala pansi. Kenako kulira. Ndamvetsera mimba ndi chomvera cha Dokotala, nkhope yawo yofunda nsalu. Muli zii. Akapanda kudzuka matumbowo, mpeni kachiwiri. Thupi lake liti?

Loweruka, 16

Cha m'ma teni, ndikumanga bala la mayi wa bedi la pakhomo. Phokoso kuseri kwa nsalu ya apongozi, lalitali ndithu. Wodi yonse chete. Kenako nthungululu, woyambitsa mayi wa bala yemweyo. Ndinathawira pakhonde kukasekera kumeneko. Phala lamadzimadzi, masipuni asanu, lakhazikika. Dokotala akuti kaya ndi mankhwala kaya ndi mphamvu zawo, sitingadziwire pa munthu mmodzi. Walemba ndithu m'kabuku kake.

Lachinayi, 28

Atuluka lero, pa ndodo. Akagonera kwathu sabata imodzi asanakwere ku Likhubula. Ndinaima patali monga mwa mwambo. Pa masitepe anaima, n'kutembenuka, n'kundiyang'ana. Chinyanja chomveka bwino, chimene sindinkadziwa kuti amachitha:

"A bambo a Joice, ndamva kuti denga lanu likudontha. Mwana wanga akugona pamadzi. Mufolere mvula isanakule."

Mawu awo oyamba kwa ine. Ndinangoti inde amayi, chipewa chili m'manja. Rosie kuyang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka.

Koma udzu wofolera ndiupeza kuti Novembala muno?