Dzino lomwe anandimata a Belmiro

Lachiwiri, 4 de Junho 2024, Chidzolomondo

Dzino lakutsogolo labenthuka. Chimanga chokazinga. Usilu wanga ndekha! Kachidutswa ndakalavulira m'manja, ndakamanga pansonga ya nsalu yanga ya kapulana.

Ndi lija anandimata malemu amuna anga a Belmiro mu 2009, ali tekiniko wa mano ku Furancungo. Ndinapita nalo lothyoka nditagwa panjinga, ndinabwerako ndi chibwenzi. "Musaseke mayi, resina yomatira dzinoyi sindinaiumitse." Ine kuseka basi. Anachita kuyambiranso.

Lachisanu, 7 de Junho

Ndiulule pano poti palibe wowerenga. Chimwalirire iwo, pomatapo panayamba kuda. Ndakhala ndikukwechapo ndi makala ndi phulusa, monga timachitira kumudzi kuno. Ankandiletsa: "Iwe, si poto ameneyo."

Mwana wanga Terezinha akuti akuchipatala akachotse zakale zonse, aike zatsopano. Sadziwa. Zovala za a Belmiro abale anagawana, njinga yamoto inapita kwa alamu. Cha manja awo chimene ndatsala nacho n'chomwechi, m'kamwa muno.

Lachiwiri, 11 de Junho

Furancungo pa chapa, kaminibasi kathu. Fumbi mpaka m'makutu. Chipinda chomwe chija, fungo lomwe lija, mpando wina. Ogwira ntchito pano ndi a Cacilda, msinkhu wa Terezinha. Akuti makala ndiwo anakanda resina, n'chifukwa chake tiyi ankakanirirapo. Kachidutswa kanga anangokayang'ana. Sikabwererapo ati.

Akapeza kuti pansi pawola, achotsa yonse. Ndibwerenso Lachinayi sabata yamawa. Mantha.

Lamulungu, 16 de Junho

Kutchalitchi ndaimba chotseka pakamwa ndi dzanja. Ndawasowa a Belmiro, aa.

Lachinayi, 20 de Junho

Sipanawole! A Cacilda anapala pang'ono m'mphepete, kupakapo timadzi tomatira, kenako resina yatsopano pamwamba pa yakale. Yakaleyo yaderako, mzere ukuoneka. Anafunsa ngati aphimbe ponse kuti zifanane. Ndinakana.

"Zaka khumi ndi zisanu osasuntha? Amene anamata apa anali ndi dzanja." Ndinawauza kuti anali ndani. Anapitiriza mofatsa.

Atatenga kanyali kabuluu koumitsira resina, milomo yanga inayamba kunjenjemera. Iwo ankaganiza kuti ndikufuna kuseka.

"Musaseke mayi, sindinaumitse."

Ulendo uno sindinaseke. Anachita kudikira, n'kundipukuta misozi ndi thonje la mano.