Dzina Limene Malemu Anasiyira Mwana

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira miyendo ija inasiya kutupa. Kuno tilipo. Mwana wakwanitsa miyezi inayi, ndipo mkaka wa m'chitini wauzolowera.

Munafunsa za dzina. Pepani kuti sitinadikire kuti mudzamutche ndinu. Malemu mayi ake analisankha ali woyembekezera, la mkazi wina wa m'filimu imene ankaonera pa TV masana alionse. Ine sindinaionerepo. Atatisiya, ndinangolilembetsa kuchipatala, poti n'limene iwo ankafuna.

Sabata yatha telala woyandikana nafe anandimva ndikumuitana mwanayu. Anaimitsa makina n'kunena kuti, "Bambo, filimuyo munaionera mpaka kumapeto? Mkaziyotu amamwalira pobereka, kenako amabwerera kudzatenga mwana wake." Anaseka, koma ataona nkhope yanga analeka.

Ine ndinali nditaona kale kuti ndikalitchula, mwana sayang'ana ine. Amayang'ana pakhomo la kuchipinda n'kumamwetulira. Ndiye ndinasiya kulitchula.

Chonde bwerani mwezi uno usanathe, mudzamupatse dzina lina, lakwathu. Dzulo masana ndikuyanika matewera panja, ndinalimva likuitanidwa m'nyumba, kawiri, chapansipansi. Pakhomo pano timakhala awiri basi. Zinazo ndidzakuuzani mukafika.

Ndine,
mwana wa achimwene anu