Mkwati Sanatuluke pa Pepala

Lachisanu, Novembala. Kunja kwatentha, koma mtima wanga wazizira bwino.

Chikondi, amene anandikana chifukwa ndilibe galimoto, akukwatiwa mawa ku Likuni. Azakhali ake sandidziwa, ndiye anabweretsa ndondomeko ya ukwati kushopu kwathu ku Biwi kuti tisindikize.

Ntchito yotere ndimaikonza ngati tsamba la pa intaneti. Kenako bulawuza, pulogalamu ya pakompyuta yosaoneka pa sikirini, imatsegula tsambalo payokha n'kulisandutsa fayilo ya PDF yoti tisindikize. Imafunika kuiuza kuti idikire zithunzi zitsike kaye, apo ayi imajambula zomwe yapeza. Lero sindinaiuze.

Chithunzi cha Chikondi chinatuluka bwinobwino. Cha mkwati, cholemera ngati mimba yakeyo, netiweki inalephera kuchikoka. Pamwamba pa dzina lake panangokhala bokosi loyera. Ndinaliona, ndipo ndinasindikiza mapepala onse.

Azakhali aja atatsegula katoni anagwira pakamwa. "Bambo, nanga mkamwini ali kuti?"

"Ndi netiweki, Amayi. Komanso tikutseka."

Anatuluka misozi ili m'maso, katoni ali pamutu.

Mawa m'tchalitchi aliyense adzaona Chikondi akumwetulira pafupi ndi malo opanda munthu. Mwini malowo ndikumudziwa ine: ndi uja alibe galimoto.