Galimoto ya Agogo Yapeza Wogula

Lachinayi, Novembala. Mvula kuyambira m'mawa, mtima wanga wolemera.

Lero kuntchito kwanga ku Crumlin kunabwera munthu kudzaona galimoto ya agogo aamuna amene ndimawasamalira, yofiira yakale ya ku Amerika. Mwana wawo ntchito yomanga inamuthera, ndiye akuigulitsa mobisa. Anati agogowo ndiwasunge kukhitchini. Ndinatseka chitseko ndi makatani bwinobwino. Pakampata ka katani ndinaona wogulayo atagona pansi ndi tochi, akufufuza dzimbiri. Kenako analiza injini, mpaka makapu kunjenjemera.

Agogo, amene amaiwala dzina langa tsiku lililonse, anadzuka okha pampando. "Mwanawe, jekete yanga! Akazi anga akundidikira m'galimoto."

Akazi awowo anamwalira kalekale. Ndinawaveka jeketeyo, n'kumamanga mabatani pang'onopang'ono mpaka injini inazima.

Akuti wogulayo adzaitenga Loweruka. Tsikulo kaya ndidzawauza chiyani...