Galimoto ya Bwana Yasiya Kulira

Lolemba, 3 Novembala, 2 koloko masana

Ndakhala pansi. Mapazi m'beseni, madzi ofunda, kamchere. M'chipinda chochapira, kuseri kwa makina. Nyumba ili zii. Ana kusukulu, madamu kukhonde la kuseri ndi maluwa awo.

Miyendo yatupanso ngati maungu. Amene akudziwa ndi Wilson yekha, dalaivala wa ana, wa ku Balaka, ndipo ndinamuuza kuti akatsegula pakamwa ndimukazinga lilime. Mayi wa ku Uganda amene ankagwira muno ine ndisanabwere anangodandaula msana, sabata yomweyo tikiti ya ndege. "Nyumba ino si chipatala," anatero madamu. Kontirakiti yanga ikutha mwezi uno. Adzukulu anga ku Ntcheu akudya miyendo yomweyi.

Chandisunga zaka zonsezi si mankhwala ayi. Ndi galimoto ya bwana. Chigalimoto chakuda, chachitali, zitseko zinayi, injini yake ngati mvula ya matalala pa malata. Ikangokhota pa mzikiti paja, mawindo a dera lathu lonse la Jumeirah, kuno ku Dubai, njenjenje. Ine mapazi kunja, kupukuta, kutaya madzi, sokosi, nsapato, ketulo pamoto. Bwana polowa amandipeza chilili ngati msilikali. Madamu nawo akamva kulirako amathamangira m'mwamba, potsika akununkhira perefyumu, chingamu m'kamwa. Chikondi cha anthu olemera.

Lero m'mawa galimoto ija yapita. Akuti asinthitsa ndi yatsopano.

Lachitatu, 5 Novembala

Yafika. Yofiira ngati chilonda.

Dzina lomwe lija, koma thupi lina. Yotakata, yogona pansi, mphuno yoboola akuti mphepo izidutsamo. Kutsogolo nyali imodzi yaitali kuchokera uku mpaka uko, ngati munthu womwetulira mokakamiza. Bwana anatiitana tonse kugalaja kuti tiyamikire. Matayala onse anayi amakoka. Kumbuyo kumayasama konse ngati mvuu. Sikirini m'kati kuposa TV ya kutchalitchi. Mipando imazizira, imatenthanso. Mpando wotenthetsa matako, mu Dubai muno! Amene anaganiza zimenezo anali ndi malungo.

Akuti ili ndi mphamvu ya mahatchi mazana angapo. Ndinafunsa Wilson kuti injini ili pati. Palibe. Mabatire okhaokha pansi pa mipando. Imadya magetsi ngati foni, akafika amaimangirira kukhoma ndi chingwe ngati mbuzi.

Bwana analowa, anadina batani, inachoka. Nsapato zanga zimalira kuposa pamenepo.

Ndinawomba m'manja pamodzi ndi anzanga. Mumtima maliro.

Lachisanu, 7 Novembala

Pang'onong'ono.

Phazi limodzi likali m'madzi, ndingomva kukhitchini, "Mama Jessie, tiyi!" Afika liti? Alowa bwanji? Beseni ndinalikwirira ndi mathawulo oyera amene ndinali nditasita kale. Tiyi ndapereka ndi sokosi imodzi, phazi linalo likusiya mapazi a bakha pa matailosi. Mwayi wake bwana samayang'ana pansi. Anali kalikiliki kundifotokozera kuti pa maloboti palibe amene akuwapeza, akangoponda mutu umamatira kumpando. Ndinayamikira mwa Chiarabu, ndinati mashala, bwana.

Ndiye kuti tsopano amafika msanga, amafikanso ngati mfiti. Zonse ziwiri alipira ndalama.

Lachiwiri, 11 Novembala

Sindinanyike mapazi chiyambire Lachisanu. Nsapato ndikuziponda kuchidendene. Khutu lili kugeti tsiku lonse, koma ungamve chiyani? Mphaka wa ana amachita phokoso kuposa chilombo chija.

Madamu nawo alusa. Akalipira Wilson, akalipira ana, dzulo anakalipira firiji. Kukhonde la kuseri sakupitako, maluwa ayamba kuwerama. Lero andipeza ndikukwera masitepe nditagwira chitsulo ndi manja awiri. "Mama Jessie, mwakalamba?" Ndinati ayi madamu, ndikuona ngati pali fumbi.

Anandiyang'ana miyendo nthawi yaitali. Za kontirakiti sanatchule.

Lamulungu, 16 Novembala

Kutchalitchi. Pobwerera tinali ndi Emeldah, mlezi wa kunyumba ya geti lobiriwira, wa ku Mulanje. Nditamufotokozera za galimoto yosalira, anaseka mpaka kugwira mtengo wa kanjedza. Iye ali pabwino, galimoto ya bwana wake imatsokomola kuchokera kunyanja, amakhala ndi mpata wotsanzikana bwinobwino ndi mwana wake pafoni. "Agogo, imangeni belu ngati ng'ombe." Mwana wopanda ulemu. Ndimamukonda.

Wilson ndiye wanena nkhani. Akuti galimoto ija mawu ili nawo! Amene anaipanga anadziwa kuti mwamuna sangagule chilombo chosalira, ndiye anaika masipika pansi kumbuyo. Ukadina pa sikirini imabangula ngati yakale. Injini palibe, kulira kulipo. Chilombo chokhala ndi wailesi kumatako.

Koma bwana anazimitsa tsiku loyamba. Akuti ndi zachinyengo.

Ndinamuuza Wilson kuti akamatsuka adine mwangozi. Wakana. "Agogo, inenso ndili ndi ana." Mantha ngati nkhuku yogulidwa lero.

Lachiwiri, 18 Novembala

Basi ndachita ndekha.

Poika tiyi ndinausa moyo. Bwana anafunsa, ndinati palibe. Ndinausanso. Atafunsa kachiwiri ndinayamba, maso pansi. Ndinati antchito a msewu uno akundipepesa. Wina wabwera ndi mabisiketi, akuganiza kuti bwana anadwala kapena anawachotsa ntchito, poti sakumvekanso. Kwathu nyumba ikangoti zii chonchi anthu amabwera kudzafunsa kuti wamwalira ndani. Kenaka ndinati izi zinazi sindinganene. Anandikakamiza. Ndinati bwana wa kutsidya, wa galimoto yachikasu uja, anafunsa kuti makina ochapira ofiira aja amachapanso makapeti?

Chingerezi changa n'chothyokathyoka, koma pamene panathyoka ndinalumikiza ndi manja. Makutu a bwana anafiira ngati galimoto yawo. Tiyi sanamalize.

Ambuye andikhululukire. Bambo wa kutsidyayo sanandilankhulepo chibadwire.

Lachitatu, 19 Novembala

Yalira!

Ndinaimva ikadali pa mzikiti. Mawindo njenjenje, mbalame phaa, mphaka pansi pa sofa. Kulira kwake kosalala kwambiri, ngati woimba kwaya akuyesera kukhala mkango, koma ine khutu langa silisankha. Ndinatulutsa mapazi mwaufumu. Ndinapukuta chala chimodzichimodzi.

Madamu atsika akununkhira, chingamu m'kamwa, akuseka ndi ana. Maluwa anathiriridwa.

Lolemba, 24 Novembala

Zii.

Wilson akuti Loweruka bwana anapita nayo kumene amuna amaonetsana magalimoto. Mnzawo wina anagwada kumbuyo, anapeza masipika, anafunsa ngati imagwiranso nyimbo. Anthu anaseka. Halasi, zathera pompo, bwana azimitsanso.

Bodza langa lakhala masiku ochepa kuposa nthochi yakupsa.

Bondo lakumanzere layamba nalo. Kontirakiti itha Lamulungu. Ndayamba kuyang'ana sutikesi pamwamba pa kabati. Adzukulu ndikawauza chiyani, kuti agogo anu anachotsedwa ndi batire?

Lachinayi, 27 Novembala

Izi zokha ndilembe.

Ululu unandikwana. Ndinati zivute zitani, ndinyika. Mapazi m'beseni, siketi m'mawondo, miyendo yonse poyera ngati pamsika. Chitseko chingoti phwa! Madamu. Alowa chothamanga, atseka ndi msana, akupuma ngati wothamangitsidwa ndi galu. M'dzanja ndudu yoyaka.

Maluwa aja! Perefyumu uja! Zaka zonsezi ine ndimati chikondi. Chonsecho analumbira kwa amuna awo kuti fodya anasiya mwana woyamba asanabadwe.

Iwo maso pa miyendo yanga. Ine maso pa ndudu yawo. Kunja mapazi a bwana, akuitana mkazi wawo.

Ndinatalikitsa mapazi. Madamu anamvetsa. Ndudu m'beseni, tsii, pakati pa zala zanga. Ndinaiponda.

Bwana anatsegula, ananunkhiza, anafunsa kuti chikupsa n'chiyani. Ndinati ayironi, bwana, ndawotcha kansalu. Nanga beseni? Madamu osaphethira: "Ndine ndawauza kuti azinyika mapazi masana aliwonse. Amaima kwambiri." Bwana anati mkazi wawo ali ndi mtima wagolide.

Bwana anatuluka. Kenaka madamu motsitsa: "Mama Jessie, nkhani ija ya makina ochapira inali yanu?" Ndinati sindikudziwa zimene akunena. "Pezani ina. Yala, fulumirani."

Ndinawauza kuti ino akanene okha. Akawauze kuti kulira kuja kumawakumbutsa masiku a chibwenzi, mmene ankadikira pawindo kwa makolo awo mtima ukugunda. Mnzawo waseka kamodzi, mkazi amakhala naye masiku onse. Asankhe.

Lachisanu, 28 Novembala, masana

Ikubangula kuposa kale. Akuti aika pa mlingo wapamwamba, wa kumpikisano. Bwana akutsika m'galimoto chifuwa patsogolo ngati tambala, akukweza dzanja kuwindo la mkazi wawo. Mkaziyo ali kubafa, akutsuka m'kamwa.

Kontirakiti ndasaina m'mawa. M'chipinda chochapira ndapeza paketi ya mchere ndi kampando. Ine ndaika kachitini kotayiramo phulusa la ndudu kuseri kwa maluwa. Palibe wanena shukurani, zikomo wa Chiarabu, kwa mnzake.

Tsopano iwe Wilson. Usadzidzimuke. Ndikudziwa kuti umawerenga kabuku aka ndikakasiya pamwamba pa makina, umakabweza chozondotsa. Si iwe unandiuza dzulo kuti bwana wa geti lobiriwira wayitanitsa galimoto yomweyi, yabuluu, ifika sabata yamawa? Ukamaliza kuseka, pukuta manja, ukapereke kabukuka kwa Emeldah. Awerenge kuyambira poyamba. Belu lija umuuze kuti ndamusungira.